Mmene ndinakonzera pulogalamu yogawa mawu a Chiklingon

Ndimaphunzira Chiklingon, chinenero chomwe Marc Okrand anapanga cha mafilimu a Star Trek, ndipo ndinalemba kapulogalamu kogawa mawu m'maphatikizo kuti ndizitchula bwino. Vuto linali lakuti kankawerenga lembo lililonse palokha, moti mawu ngati tlhIngan (kutanthauza Mklingon) kankawaduladula mosamveka.

Chinsinsi chake n'chakuti tlh, ch, gh ndi ng ndi malembo opanda liwu amodzi amodzi, ngakhale amalembedwa ndi zilembo ziwiri kapena zitatu. Ndiye ndinakauza kuti kazifufuza tlh poyamba, kenaka enawo. Phatikizo lililonse limayamba ndi lembo lopanda liwu limodzi, kenaka la liwu, ndipo likhoza kutsekedwa ndi lina lopanda liwu. Apo panatuluka tlhI-ngan, Qap-la' ndi nuq-neH.

Pomwe panandichedwetsa ndi pa ngh. Lembo la h laling'ono siliima lokha m'chinenerochi, choncho nenghep ndi nen-ghep basi, osati neng-hep. Ndinayika lamulo lakuti gh azipambana ng akakumana. Ng wa Chiklingon amamveka ngati wa mu ng'ombe, koma chenjerani: kachizindikiro ka ' m'chinenerochi ndi lembo lodziimira palokha, kotseka kukhosi, ndipo sikayenera kufufutidwa.

Kumapeto kwa phatikizo ndinalolezako magulu atatu okha a malembo opanda liwu otsatizana: rgh, w' ndi y', monga mu targh ndi may'. Ndinaletsanso kusandutsa zilembo zazikulu kukhala zazing'ono, chifukwa q ndi Q ndi malembo osiyana.