Momwe mungapitire ku Likoma kuchokera ku Blantyre osakudyerani ndalama pa doko

Kuno ku Blantyre munthu akati akufuna kukapuma pa chilumba maganizo amathamangira ku Zanzibar kapena Mauritius, akangomva mtengo wa ndege ndi nkhani ya madola kubanki basi nkhani yonse imafera pompo. Chonsecho chilumba tili nacho chathuchathu, mchenga woyera, madzi oti ukaimamo ukuona zala zakuphazi, milambe ili ponseponse. Ndikunena Likoma. Ili m'madzi a mbali ya Mozambique moti mapiri omwe mumawaona tsidya linalo ndi a eni ake, koma chilumbacho ndi limodzi mwa maboma a Malawi, laling'ono kuposa onse, pa kalembera wa 2018 Likoma ndi Chizumulu, kachilumba koyandikana nayo, pamodzi kunali anthu pafupifupi 14,500. Pasipoti siyofunika, chiphaso cha unzika chakwana.

Choyamba, sankhani mwezi

Apa musachite mwachisawawa. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti pa nyanja pamawomba mwera, mphepo yochokera kummwera, ndipo mwera ukalusa nyanja ija imene mumaiona pa zithunzi za pa Facebook ili phee imasanduka chinthu china. Seputembala mpaka Novembala ndiye nthawi yabwino kwa ine, kumatentha inde koma madzi amakhala odekha masiku ambiri, ndipo mukapita chakumapeto kwa chaka mukapeza mango akupsa, mitengo ya mango kumeneko ndi yambiri zedi. Nthawi ya dzinja chilumba chimabiriwira koma mvula yamkuntho imangobwera osaodira.

Chachiwiri, njira

Njira zilipo zitatu koma imodzi ndi ya anthu a ndalama zawo, ndege zing'onozing'ono zochokera ku Lilongwe zomwe zimatera pa kabwalo ka pachilumba pompo. Ife enafe tatsala ndi ziwiri.

Yoyamba ndi kukakwerera sitima ya Ilala ku Monkey Bay. Mudutse ku Zomba, Liwonde, Mangochi kenako Monkey Bay, zokwera basi mukuzidziwa kale sindikuuzani. Mwachizolowezi Ilala imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu m'mawa nkukafika ku Likoma Loweruka, ndiye mufunika kugona komweko Lachinayi. Koma ndandanda wa Ilala musamaukhulupirire ngati Baibulo, imbani kaye ku doko sabata yomweyo mumve ngati ikuyenda, chifukwa sitimayi ndi nkhalamba, inapangidwa ku Scotland mu 1949, anaibweretsa zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique nkudzailumikiza kuno, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Nthawi zina imakhala ili pokonzedwa milungu ingapo.

Yachiwiri ndi kukwera kochi ya usiku ya ku Mzuzu pa Wenela, kutsika m'mawa, kugwira minibasi kapena ka Sienta kotsetsereka ku Nkhata Bay, nkuwolokera kumeneko. Pamadzi mumakhalapo nthawi yochepa kusiyana ndi kuyambira ku Monkey Bay, komanso kupatula Ilala (imene imadutsa pa Nkhata Bay ikamabwerera kummwera cha kumayambiriro kwa sabata) pamakhalanso maboti ena owoloka masiku ena. Ambiri a ku Blantyre amasankha imeneyi. Ndipo vuto lili pomwepa.

Chachitatu, pa doko la Nkhata Bay, apa werengani mofatsa

Mukangotsika minibasi ndi chikwama chakumsana, nkhope ikuonekeratu kuti siinu akonkuno, anyamata amakuzungulirani. Ambiri ndi abwinobwino, akungofuna kukunyamulirani katundu apezeko ya sopo. Koma pakati pawo pali madobadoba, ndipo wanga ine anali waulemu kwambiri moti simungamukayikire, atavala kajekete konyezimira kaja ka anthu ogwira ntchito mumsewu, kope m'manja, cholembera kukhutu. Ilala tsiku limenelo inali itachedwa, sizimadziwika kuti ifika liti, ndiye mkuluyu akuti "biggie musadandaule, mawa mbandakucha kuli boti lothamanga, la injini ziwiri, majekete osamira alipo a aliyense, kwatsala malo atatu okha, mungoperekako theka tikagulire mafuta." Anandionetsa mpaka chithunzi cha botilo pa foni, loyera bwino, mayina a anthu ena atalembedwa kale mu kope muja. Ndalama anati nditumize pa foni, nambala yake dzina lotuluka linali la mzimayi, akuti ndi akazi a bwana wake.

M'mawa kukada kamdima ndili pa gombe, foni ya mkulu uja yazima. Boti loyera kulibe. Lomwe linalipo ndi lamatabwa, lalikulu ndithu, koma atalidzaza matumba a chimanga, simenti, malata, makireti a zakumwa, njinga yamoto atayigoneka pamwamba, anthu akukhala pamwamba pa matumbawo. Mwini boti nditamufotokozera anangoseka, akuti munthu ameneyo sakumudziwa ndipo sindine woyamba, ngati ndikufuna kuwoloka ndilipire mtengo wonse. Ndinalipira kachiwiri.

Ndalamayo sinandiwawe kwambiri ngati zomwe zinachitika pakati pa nyanja. Unali mwezi wa Julaye. Tinanyamuka madzi ali bwinobwino, anthu akucheza, amayi ena akugawana chinangwa chophika, koma dzuwa litakwera mtunda wa Nkhata Bay utasowa kumbuyo ndipo kutsogolo kulibe chilichonse chooneka, mwera unayamba. Boti lodzadza chonchija silikwera funde, limangolowa mkati mwake, madzi akukhuthukira mkati, anyamata awiri akukapa ndi zigubu zodula pakati osapuma, simenti yanyowa mwini wake akutukwana, ana akulira, amayi a Mvano omwe anali kumbuyo kwanga anayambitsa nyimbo ndipo ine amene ndimapita ku tchalitchi pa Khrisimasi pokha ndinapezeka ndikuyimba nawo vesi ndi vesi. Majekete osamira m'boti monse munali ochepa oti sangakwane olo kotala ya anthu, ndipo ena anawakhalira ngati mapilo. Pamene Chizumulu imaonekera patali palibe amene amayankhulanso, aliyense wasanza mpaka kutheratu.

Ndiye chitani izi. Ndalama perekani pa ofesi ya matikiti mulandire tikiti m'manja, kapena kwa woyendetsa boti mwini wakeyo mutaliona botilo ndi maso anu, phazi limodzi lili kale mkati. Zotumiza pa foni dzulo lake ayi, olo munthuyo atavala yunifolomu yotani. Mawu oti "kwatsala malo atatu" ndi nyambo basi. Musanakwere yang'anani m'mbali mwa boti, ngati kuchoka pamadzi kufika pamlomo wa boti pangotsala kadanga kochepa, tsikani, kaya mwalipira kale. Funsani jekete lanu mulivale musananyamuke osati pakati pa nyanja. Ndipo za mphepo musafunse mwini boti, iyeyo akufuna ndalama, funsani asodzi omwe akokera mabwato awo kumtunda kapena amayi oyanika usipa pa thandala, akakuuzani kuti lero nyanja siili bwino mverani, gonani tsiku lina ku Nkhata Bay, malo ogona otchipa ndi ambiri kumeneko. Mukandifunsa ine, dikirani Ilala kapena boti lachitsulo lalikulu olo zitatenga masiku awiri. Ikaninso masiku apadera pa tchuthi chanu, osauza abwana kuntchito kuti Lolemba m'mawa mukhala muli pa desiki.

Chachinayi, mu Ilala

Muli magawo, pansi pa ekonome ndi potchipa koma ndi pothinana, katundu, nsomba zouma, nkhuku, zonse zili momwemo. Makabini alipo koma ndi odula ndipo amafuna kubukitsa msanga. Pakatikati pabwino ndi tikiti ya pa deki yapamwamba, pali bala, mumagona panja mukuona nyenyezi, tengani juzi ndi kabulangete chifukwa usiku pa nyanja kumazizira olo mu Okutobala. Malo ena monga Chizumulu sitima imaima patali ndi gombe, anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono ndipo pamakhala kukankhana, foni ndi ndalama mangani mu jumbo, valani kabudula ndi masilipasi chifukwa mwina mutsikira m'madzi ofika m'mawondo.

Chachisanu, ndalama ndi pogona

Tengani kashi wokwanira kuchokera ku Mzuzu kapena konkuno. Ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba alipo pa Mbamba, pomwe pali msika ndi maofesi a boma, koma akhoza kukuuzani kuti fulooti yatha. Zinthu za m'golosale ndi zokwererapo kuposa ku Limbe poti chilichonse chimawoloka nyanja, ndiye shuga, tiyi, mafuta odzola, mankhwala othamangitsa udzudzu gulirani kuno. Mitengo imene munauzidwa ndi mnzanu amene anapita kwacha isanagwe mu Novembala 2023 iwalani. Foni yanu izimitseni roaming, mbali zina za chilumba imatha kugwira netiweki ya ku Mozambique mayunitsi nkungosungunuka.

Pogona pali Kaya Mawa ya anthu olipira madola, pali Mango Drift ndi Ulisa Bay Lodge za pakatikati komwe mukhozanso kufunsa zokhoma tenti, ndiye pali maresiti hausi wamba cha ku Mbamba omwe thumba la munthu wa pa Ndirande lingakwanitse. Onani kaye chipinda ndi neti yake musanalipire.

Chachisanu ndi chimodzi, zokaona

Yambani ndi tchalitchi cha St Peter's cha Anglican ku Chipyela, kuyenda pang'ono kuchokera pa Mbamba. Olo mutakhala wa mpingo wina pitani. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA (Universities' Mission to Central Africa) anakhazikika pa chilumbachi m'zaka za m'ma 1880, tchalitchichi anayamba kumanga mu 1903 nkuchimaliza cha mu 1911, ndipo ukachiona kukula kwake, miyala yake, magalasi amitundumitundu a m'mawindo, sumvetsa kuti zinatheka bwanji pa kachilumba ka masikweya kilomita 18 nthawi imene kunalibe thirakitala olo imodzi. Malowo akuti kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, amishoniwo anasankha dala pomwepo. Woyang'anira akakuyendetsani akuonetsani mtanda womwe amati unasemedwa ndi mtengo wochokera kwa Chitambo ku Zambia komwe anafera David Livingstone, ndipo mukapempha bwino amakulolani kukwera pa nsanja, chilumba chonse ndi mapiri a Mozambique zili pansi panu. Muponyemo kangachepe m'bokosi, nyumba ngati imeneyi kuisamala si masewera. Mukakhalako Lamulungu lowani mapemphero, ndi aatali koma kwaya yake ndiye ayi. Kabudula wa kunyanja ndi ma vesiti musalowe nazo, amayi chitenje chikhale m'chikwama.

Likoma inatulutsa anthu ophunzira ambiri chifukwa cha sukulu za mishoni zomwezi, musadabwe agogo okhala pansi pa mlambe akukukonzerani Chingerezi chanu. Chiyankhulo chawo ndi Chinyanja cha kunyanja, mumvana bwinobwino ngakhale mawu ena akudutsani, ena amayankhulanso Chitonga.

Kenako madzi. Bwerekani magalasi osambirira pa loji mupite pomwe pali miyala, mbuna tinsomba tija tamitundu ta buluu ndi chikasu timabwera mpaka pamphuno. Samalani pamiyala poterera ndipo funsani eni mudzi malo abwino kusambira, komanso magombe ena ndi pomwe amayi amasamba ndi kuchapa, abambo osangotulukira ndi kamera. Mukaona chinthu ngati utsi wakuda chikukwera pakati pa nyanja si moto, ndi nkhungu, touluka ting'onoting'ono tomwe anthu akunyanja amagwira nkupanga ndiwo.

Galimoto ndi zowerengeka, mayendedwe ndi wapansi kapena kabaza wa njinga yamoto, gwirizanani mtengo musanakwere. Tsiku limodzi yendani wapansi m'mawa kusanatenthe, kaya kulowera ku Makulawe kumpoto kaya ku Nkhwazi kummwera, mudutsa m'midzi, milambe ikuluikulu, matandala a usipa. Nsomba gulani kwa asodzi m'mawa akamakocheza, kampango, utaka, batala mukachita mwayi, mupatse amayi a pa resiti hausi akuphikireni ndi kondowole. Mukamva ng'oma ndi zitoliro za zikho madzulo tsatirani, ndi malipenga amenewo, azibambo atavala zoyera mpaka masokosi.

Zotsalazo mwachidule. Chizumulu ndi kachilumba kachiwiri, kakang'ono komanso kachete kuposa Likoma, maboti amapita koma za mphepo ndanena kale. Cobue ku Mozambique ndi pafupi kwambiri, kumeneko ndiye kukufunika pasipoti ndipo mudindise kaye ku Immigration musanawoloke, osamvera wa boti amene akuti palibe amafunsa. Pa Likoma pompo pali malo otchedwa Katundu pomwe amapanga zokongoletsa m'nyumba ndi mikanda ndi magalasi otoleza, kukaona ndi ulere, kugula ndi nkhani ina.

Pobwerera funsani tsiku la sitima mukangofika kumene, ndipo pa tsikulo khalani pafupi ndi doko chifukwa ikhoza kufika usiku pakati. Usipa wogawira achibale gulani wouma bwino muukulunge kawiri, apo ayi kochi yonse ikudani mpaka pa Wenela. Mukafika kuno, pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu pitani ku chipatala akakuyezeni likodzo, mankhwala ake ndi praziquantel ndipo amapereka molingana ndi kulemera kwa thupi, ndiye osangogula pa msika nkumeza.