Mmene Mungayenderere Munda wa Maluwa pa Esiteti Yakale ku Thyolo

Amene akufuna kukaona minda ya maluwa ya pa maesiteti akale a tiyi ayenera kuyamba waimba foni, chifukwa malowa ali ndi eni ake, ndipo si ulemu kungotulukira pachipata mosayembekezeka. Ku Satemwa, esiteti imene Maclean Kay anaiyambitsa mu 1923, kuli nyumba yakale ya Huntingdon House, yomwe lero imalandira alendo. Mukachokera ku Limbe, tsatani msewu wa M2 wopita ku Thyolo.

Nkhani yaikulu ndi kusankha nyengo, pakuti mitengo ndi maluwa ambiri amene amakongoletsa minda yotere m'dziko muno anachokera ku America, ndipo mtundu uliwonse uli ndi nthawi yake. Jakaranda, wochokera ku South America, amachita maluwa ake a mtundu wa pepo cha mu Okutobala, mvula isanayambe, pamene poinsettia wa ku Mexico amafiira m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, masiku akafupika. Bougainvillea wa ku Brazil sasankha kwambiri, ngakhale kuti amawala koposa m'chilimwe. Kwa ine Okutobala ndiye wabwino, bola mufike m'mamawa dzuwa lisanatenthe.

Mukapita m'nyengo yozizira, tengani juzi ndi nsapato zosaterereka, chifukwa chiperoni chimanyowetsa kapinga tsiku lonse. Yendani m'tinjira, musathyole maluwa, ndipo ngati mwasirira mbewu ina, pemphani kwa bambo osamalira mundawo, amenenso muyenera kuwafunsa musanajambule antchito.