Mwana akamalira ndi ululu usiku, mupange bwanji?

Amayi anzanga nkhani ya Panado ija tiikambe bwinobwino, chifukwa ambiri timangothira mu sipuni ya tiyi mongoyerekeza basi bola mwana asiye kulira. Mankhwala a mwana amayendera makilo ake osati zaka ayi, ndiye choyamba tengani khadi ya kusikelo ija muone analemera bwanji ulendo watha. Paracetamol, amene timangoti Panado uja, ndi 15 mg pa kilo iliyonse. Mwana wa makilo 12 ndiye kuti 180 mg, ndipo ngati pabotolo alemba 120 mg/5 ml mumpatsa 7.5 ml. Koma werengani botolo chonde, ena amakhala amphamvu kuposa pamenepo.

Ine ndimagwiritsa ka syringe kopanda singano, ndimathira pang'onopang'ono cham'tsaya kuti asatsamwe. Tsiku lina wanga khutu linamuvuta usiku malaiti atapita, ndinayeza ndi tochi ya foni iye ali kumsana akungosisima, kenaka ndinalemba nthawi pa katoni ya mankhwala yomweyo chifukwa ukakhala ndi tulo umaiwala, bambo ake n'kudzuka kumupatsanso. Padutse maola 4 mpaka 6 musanampatsenso Panado, ndipo osapitirira kanayi pa maola 24, akachuluka amaononga chiwindi. Masirapu ena a chimfine amakhala kale ndi paracetamol mkati ndiye musaphatikize musanafunse ku famasi.

Ibuprofen, amene ena amati Brufen, amathandiza makamaka pakatupa, koma ayambe wadya kaye, ndipo osampatsa wosakwana miyezi 3, kapena akusanza ndi kutsegula m'mimba, kapena ali ndi nthomba ya chickenpox. Aspirin ndiye ayi ndithu kwa mwana osakwana zaka 16, amatha kuononga chiwindi ndi ubongo. Timapilisi ta mutu ta pa kantemba tija n'ta akuluakulu, musamadulire mwana theka.

Tsono mankhwala okha sakwanira. Wakhanda akamabayidwa katemera muyamwitseni nthawi yomweyo, bere limachepetsadi kuwawa, ndipo mumfungatire pachifuwa khungu kukhudza khungu. Wamkulupo mukhazikeni pamiyendo, mumuyimbire, mumuuze nthano ya kalulu, kapena apemerere ngati akuzizitsa phala. Ndipo musamunamize kuti jakisoni sawawa, muuzeni iwawa pang'ono kenako zitha. Zomaopseza ana kuti ukavuta anesi akubaya zija zimandipweteka mtima, mawa lake mwana amabisa ululu.

Akapsa ndi mbaula kapena phala, thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osapaka Colgate, dzira kapena mafuta ophikira, phimbani ndi nsalu yoyera mupite kuchipatala.

Panado amangoziziritsa, sachiza malungo, ndiye thupi likatentha akayezedwe magazi. Koma akakhala wosakwana miyezi 3 ndipo watentha thupi, kapena wakomoka, khosi lauma, akubanika popuma, akukana bere, m'mimba mukuwawa osasiya, kapena ali ndi matenda a magazi a sickle cell ululu wakana kutsika, musadikire kuche. Pezani galimoto mupite chipatala chomwe muli nacho pafupi, kwa a ku Lusaka kaya ku Matero, Chawama, Kanyama kapena Chilenje, zikakula iwo akutumizani ku chipatala chachikulu cha UTH. Nyamulani khadi ndi botolo lija, muwauze munampatsa ma ml angati komanso nthawi yanji.