Malangizo a Kucepetsa Thupi kwa Odwala Shuga Amene Amabaya Insulini

Malangizo awa alembedwera munthu wamkulu amene ali ndi matenda a shuga, amabaya insulini tsiku lililonse, ndipo dokotala kapena nesi wamuuza kuti thupi lake lalemera kupitirira muyezo. Sakukhudza ana, amayi apakati kapena oyamwitsa. Sakukhudzanso munthu amene akuonda yekha popanda kusintha kadyedwe, cifukwa kuonda kotero kumasonyeza kuti shuga wakwera kwambiri kapena kuti m'thupi muli matenda ena monga cifuwa cacikulu ca TB kapena HIV, ndipo munthuyo afunika kupimidwa mwamsanga.

Anthu ambiri amanenepa akayamba kubaya insulini, ndipo cifukwa cake n'codziwika. Pamene shuga anali wokwera, wambiri anali kutayika mumkodzo pamodzi ndi madzi a m'thupi. Insulini ikayamba kugwira nchito, shuga ameneyo amalowa m'minofu, ndipo wotsala amasungidwa ngati mafuta. Kuwonjezera apo, munthu amene shuga wake amatsika kawirikawiri amadya mowirikiza, mwina poziziritsa njala, mwina poopa kugwa pamsewu, ndipo zakudya zoonjezera zimenezi zimakhala m'thupi.

Musaleke kubaya insulini ndipo musacepetse mlingo wake pa inu nokha n'colinga cakuti muonde. Sikelo idzaonetsadi kuti mwatsika, koma cimene catayika ndi madzi ndi minofu, pamene shuga wokwerayo akuwononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi. Kwa wodwala shuga wa mtundu woyamba, amene thupi lake silipanga insulini, kudumpha nyeleti kungacititse kuti magazi adzale ndi asidi wochedwa maketoni m'tsiku limodzi kapena awiri. Zizindikiro zake ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mozama ndi mofulumira, ndiponso kuwodzera. Munthu wotere atengeredwe kucipatala nthawi yomweyo, cifukwa vutoli limapha.

Ngozi ina, imene imagwera anthu ambiri a khama, ndiyo kucepetsa cakudya pamene mlingo wa insulini uli womwewo. Mlingo umene munapatsidwa unayezedwa molingana ndi mmene munali kudyera panthawiyo, ndipo insulini ikalowa m'thupi imagwira nchito yake kaya mwadya kaya simunadye. Insulini yoyera ngati madzi, monga Actrapid, imayamba kugwira nchito pasanathe mphindi 30 ndipo imakhala m'thupi maola 7 kapena 8. Yooneka ngati mkaka, monga Insulatard, imakhala ndi mphamvu kwambiri pakati pa maola 4 ndi 12 cibayireni. Mixtard 30 ndi yosakaniza, magawo 30 pa 100 ndi yofulumira ndipo magawo 70 ndi yocedwa, motero munthu amene wabaya m'mawa n'kulumpha nsima ya masana angagwe madzulo ali kunchito kapena m'minibasi. N'cifukwa cake amene amabaya insulini yosakaniza sayenera kudumpha cakudya ciliconse; cimene angacepetse ndi kukula kwa cakudyaco, ndipo zimenezi zicitike dokotala atadziwa.

Conco musanasinthe kalikonse, pitani ku kiliniki yanu ndi botolo kapena peni ya insulini, mapiritsi onse amene mumamwa, ndi buku limene mumalembamo shuga wanu. Chulani ngati mumamwanso glibenclamide, pakuti nayonso imatsitsa shuga kwambiri cakudya cikacepa. Pemphani kuti akupimeni kulemera ndi m'ciuno, ndipo akuuzeni zocita ndi mlingo wa insulini pa masiku amene mwadya pang'ono kapena mwagwira nchito yolemetsa. M'ciuno mukapitirira masentimita 94 kwa mwamuna kapena 80 kwa mkazi, ndiye kuti mafuta a pamimba aculuka, ndipo mafuta amenewa ndi amene amalepheretsa insulini kugwira bwino nchito. Colinga coyenera ndi kutsika ndi theka la kilogalamu kufika kilogalamu imodzi pa mlungu. Kutaya magawo 5 mpaka 10 pa 100 a kulemera kwanu n'kokwanira kuti shuga ndi kuthamanga kwa magazi ziyambe kusintha: munthu wa makilogalamu 90 akatsika ndi makilogalamu 5 mpaka 9 pa miyezi ingapo wacita bwino, ndipo safunika kufanana ndi mmene analili ali mnyamata.

Pa nkhani ya cakudya, palibe cifukwa cosiyira nsima. Cofunika ndi kuceza ndi mbale yanu mosamala. Theka la mbale likhale ndiwo zamasamba monga repu, cibwabwa, kalembula, bondwe, kabici, delele kapena impwa. Mbali imodzi ya theka lotsalalo ikhale kapenta, nsomba, nyemba, mazira kapena nkhuku yocotsa cikopa, ndipo mbali inayo ikhale mtanda umodzi wa nsima wofanana ndi nkhonya yanu. Amene anazolowera mitanda itatu asatsikire pa umodzi tsiku limodzi. Acotseko theka la mtanda, apime shuga kwa masiku angapo, kenaka aonane ndi acipatala asanacotsenso. Unga wa rola kapena wa mgaiwa uli ndi gaga wambiri kuposa wa bulekifasi ndipo umakhalitsa m'mimba, koma nawonso umakweza shuga, motero kusintha unga sikupereka ufulu woonjezera mitanda. Mpunga, kandolo, cinangwa, mbatatesi ndi buledi zili m'gulu limodzi ndi nsima, ndipo pa cakudya cimodzi musankhepo cimodzi.

Zonenepetsa zambiri zimabisala mumphika ndi m'kapu. Supuni imodzi yaikulu ya saladi ili ndi makalori (muyezo wa mphamvu ya m'cakudya) pafupifupi 120, ndipo wophika amene amathira mafuta kucokera m'botolo mwacindunji amapyola masupuni atatu asanazindikire. Yezani mafuta ndi supuni, ndipo nsomba kapena nkhuku muziocha kapena kuphika m'madzi kusiyana ndi kukazinga. Nsinjiro ndi zabwino, koma nazo zili ndi mafuta, conco ndiwo zotendera musaziwonjezerenso saladi. Tiyi wa shuga, maheu a m'sitolo, munkoyo kapena cibwantu cothira shuga, madzi a zipatso ndi zakumwa za m'mabotolo zimakweza shuga mofulumira koma sizikhutitsa. Vitumbuwa ndi mabanzi a pa nthawi yopuma kunchito ndi zoyamba kucotsa. M'nyengo ya mango idyani limodzi laling'ono pa nthawi imodzi, osati beseni lonse. Amene ali ndi matenda a impso afunse kaye dokotala asanaonjezere nyama, nsomba kapena nyemba.

Kuyenda mofulumira mphindi 30 pa masiku asanu a mlungu kumakwanitsa mphindi 150 zimene bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limalangiza akuluakulu. Kulima, kupalasa njinga, kutunga madzi ndi kucapa zovala zambiri zimawerengedwanso, ndipo zimatsitsa shuga mofanana ndi masewera. Pimani shuga musanayambe. Akakhala pansi pa 5 mmol/L (muyezo wa shuga wa m'magazi), idyani kaye kanthu monga nthoci imodzi yaing'ono kapena kagawo ka buledi. Akakhala pamwamba pa 14 ndipo simukumva bwino m'thupi, musacite zolimbitsa thupi tsiku limenelo. Ngati muti muyende mtunda wautali kapena kupalasa njinga, bayani pamimba osati panchafu, cifukwa mwendo ukamagwira nchito insulini imalowa m'magazi mofulumira. Dziwaninso kuti shuga angatsike patapita maola ambiri nchito itatha, ngakhale pakati pa usiku, motero tsiku limene mwalima kwambiri pimani musanagone. Valani nsapato zokukwanani ndipo yang'anani kumapazi madzulo alionse ngati kuli matuza kapena zilonda.

Shuga akatsika pansi pa 3.9 mmol/L, munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, mtima umagunda kwambiri, amamva njala yadzidzidzi, cizungulire, ndipo ena amakwiya kapena kulankhula zosamveka ngati oledzera. Zikatero imwani nthawi yomweyo masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga osungunula m'madzi, kapena theka la botolo laling'ono la cakumwa ca shuga. Zakumwa zolembedwa kuti zilibe shuga sizithandiza. Dikirani mphindi 15 ndi kupimanso, ndipo ngati akali pansi bwerezani. Akakwera, idyani cakudya canu ngati nthawi yake yakwana, kapena kagawo ka buledi. Pamenepa musaope kuti shugayo akunenepetsani, koma musapitirirenso muyezo n'kudya zonse za m'nyumba cifukwa ca mantha. Muziyenda ndi maswiti kapena shuga m'thumba, ndipo a m'banja lanu adziwe kuti munthu wokomoka sathiridwa cakumwa m'kamwa: amgoneke cam'mbali ndi kuthamangira naye kucipatala. Shuga akatsika kawiri kapena kuposa pa mlungu umodzi, ndiye kuti mlingo wa insulini wayamba kukula kuposa zimene thupi likufuna, ndipo mufunika kubwerera ku kiliniki lisanafike tsiku limene anakupatsani.

Mowa, kaya wa m'botolo, wamasese kapena kacasu, umanenepetsa, ndipo umalepheretsa ciwindi kutumiza shuga m'magazi, motero womwa popanda kudya angakomoke ali mtulo anthu n'kumaganiza kuti waledzera. Amene afuna kusala kudya cifukwa ca mapemphero, kaya kuchalichi kaya m'mwezi wa Ramadan, akambirane ndi dokotala pasadakhale, ndipo shuga akatsika amasule nthawi yomweyo. Tiyi, makofi ndi mapiritsi oondetsa amene amagulitsidwa pamsika ndi pa Facebook musagule. Ambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, zimene zimathetsa madzi m'thupi ndi kulemetsa impso. Mankhwala ovomerezeka m'dziko la Zambia amalembetsedwa ku bungwe loona za mankhwala la ZAMRA, ndipo mankhwala alionse ocepetsa thupi ayenera kulembedwa ndi dokotala amene akudziwa mlingo wa insulini yanu.

M'milungu yoyambirira pimani shuga pafupipafupi kuposa masiku onse, makamaka m'mawa musanadye, musanagone, ndiponso musanayendetse galimoto. Kwa akuluakulu ambiri muyezo ndi 4 mpaka 7 mmol/L asanadye ndi pansi pa 10 patapita maola awiri atadya, koma dokotala angakupatseni muyezo wina malinga ndi zaka zanu ndi matenda ena amene muli nawo. Dzipimeni pa sikelo kamodzi pa mlungu, m'mawa, pa sikelo yomweyo. Lembani m'buku tsiku, nthawi, shuga, mayunitsi amene mwabaya ndi zimene mwadya, ndipo nesi akamakupimani mumuonetsenso malo amene mumabaya, cifukwa pamene patupa kapena pauma insulini imalowa mosadalirika ndipo manambala a m'bukumo angasokoneze amene akukusinthirani mlingo.