Kukonza vani ya 4x4 kuti izitha misewu ya kumudzi ndalama zili zochepa

Vani yanga ndi HiAce ya 4WD, ija ya KDH206 ya injini ya dizilo ya 3.0, yochokera ku Japan ngati zambiri zomwe zikuyenda mu Blantyre muno, inatsikira ku Dar es Salaam nkulowera pa Songwe. Ndinaigula chifukwa kwathu ndi ku Neno, ndipo amene anayendako nthawi ya dzinja akudziwa zomwe ndikunena, komanso chichitikireni namondwe wa Freddy mu March 2023 misewu yambiri ya kumudzi ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu mpaka ku Chikwawa inasanduka zigwembe zokhazokha. Ndiye anzanga ambiri amandifunsa kuti amwene munaipanga bwanji galimotoyi kuti izifika kumene imafikako, munawononga zingati? Zoona zake sindinawononge zambiri, ndimapanga pang'onopang'ono ndikapeza kangachepe, koma chomwe chinandithandiza ndi kudziwa choyamba ndi chiti.

Muyambe mwadziwa kaye galimoto yomwe muli nayo chifukwa mawu oti 4WD olembedwa kumbuyo aja satanthauza chinthu chimodzi. Ku Japan mavani amenewa amagulidwa chifukwa cha sinowo osati miyala ya ku Neno ayi. HiAce ngati yangayi mawilo onse anayi amakoka nthawi zonse, pakati pali viscous coupling, kachipangizo kothandiza kugawa mphamvu pakati pa mawilo a kutsogolo ndi a kumbuyo, koma ilibe giya ya low range, ija yoyendetsa galimoto pang'onopang'ono koma mwamphamvu, ndiye pa chitunda chamiyala muli ndi katundu muyenera kuiganizira. Mitsubishi Delica Space Gear ija ya injini ya 4M40 ndi nkhani ina, za pansi zake ndi za m'banja la Pajero, ili ndi 4WD yosankha wekha yotchedwa Super Select, pa kandodo kake pali 2H, 4H, 4HLc ndi 4LLc, imeneyo imakwera mokwawa bwinobwino, bola musayende pa tala muli mu 4HLc kapena 4LLc mudzapweteka za pansi. Ndipo poti ku Japan amathira mchere m'misewu pochotsa sinowo, gonani pansi ndi tochi muone chasisi, mugogode ndi sipanala makamaka pomwe masipuling'i amangidwira, ngati dzimbiri likuyoyoka ngati makwa a mtengo ndalama yoyamba ipite pamenepo.

Kenako sevisi, abale anga sevisi. Anthu amathamangira malaiti akuluakulu ndi bull bar pomwe timing belt sakudziwa kuti inasinthidwa liti. Injini ya HiAce yangayi, yotchedwa 1KD, ili ndi belt, ikaduka muli ku Lisungwi mwagona konko ndipo injini mwina yapita. Sinthani oyilo wa injini, wa madifu onse awiri, wa transfer case, bokosi lopereka mphamvu ku madifu awiriwo, ngati ndi otomatiki wa giyabokosi nayenso chifukwa m'matope ndi m'mchenga amatentha kwambiri. Brake fluid ambiri sitisintha mpaka galimoto kuigulitsa, koma amamwa chinyezi, zaka ziwiri zikakwana asinthidwe, mudzandikumbukira mukutsetsereka mapiri aja opita pa Thabwa muli ndi anthu ndi matumba a chimanga. Potsika pamenepo gwiritsani ntchito giya yaing'ono, 2 kapena L, osangopondereza buleki njira yonse mpaka kununkha. Onaninso ma ball joint, ma tie rod, mabushi ndi marabala a CV, majointi aja opereka mphamvu ku mawilo a kutsogolo, rabala ikang'ambika girizi amatuluka mchenga umalowa, sabata ziwiri mwayamba kumva kha kha kha pokhota.

Tsopano matayala, apa ndi pomwe ndikufuna tikhalepo chifukwa ngati ndalama ilipo ya chinthu chimodzi chokha, ipite apa basi. Galimoto imagwira nthaka ndi matayala, 4WD pa matayala osalala ndi chabe. HiAce imabwera ndi 195/80R15 ndipo pambali pamalembedwa 107/105 LT. Manambala amenewo musawadumphe, 107 ikutanthauza kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 975, ndiye mukapeza tayala lokongola la mano akuluakulu koma nambala yake ili pansi kwambiri, monga aja a magalimoto ang'onoang'ono, lidzaphulika mutanyamula. Funani all terrain, aja oyenda pa tala ndi pa dothi pomwe, amalemba A/T, ya LT, kutanthauza ya galimoto za katundu, yokhala ndi m'mbali molimba. Ma mud terrain aja a M/T amakoka m'matope inde koma amalira pa tala, amatha msanga, amamwetsa dizilo, ndipo ambirife masiku asanu pa sabata timakhala tili pa Chipembere Highway osati m'dambo.

Za saizi musatengeke. 215/75R15 ndi lalitali kuposa loyambalo ndi pafupifupi mamilimita 10, ndiye galimoto imakwera ndi mamilimita 5 okha, koma ndi lotambalala ndipo A/T ya saizi imeneyi sivuta kwenikweni kupeza. 235/75R15 limakukwezani pafupifupi mamilimita 20 koma pa HiAce limakonda kukhula m'mbali mukakhota mpaka kumapeto, limalemetsanso giya, ndipo galimoto yopanda low range mukailemetsa giya mwaipha mphamvu pa chitunda. Ine ndinakhala pa 215. Chinanso chofunika kwambiri kwa ife a viscous coupling, matayala onse anayi akhale a saizi imodzi, mtundu umodzi ndipo othera mofanana. Mukaika awiri atsopano aakulu kumbuyo awiri akale kutsogolo, mawilo amazungulira mosiyana nthawi zonse, coupling ija imagwira ntchito osapuma mpaka kupsa, ndipo kuipeza ku Limbe kapena ku Ndirande si masewera.

Matayala a kaunjika ndikudziwa ambiri ndi omwe timakwanitsa makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, sindikuletsani, koma werengani tsiku lake. Pambali pali mawu oti DOT, kumapeto kwake manambala anayi, mwachitsanzo 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 chaka cha 2019. Likapitirira zaka 6 ine ndimalisiya olo mano akhale ngati latsopano. Pindani m'mbali ndi dzanja muone ngati muli timing'alu, lowetsani dzanja mkati mufufuze zigamba ndi zotupa. Ndipo sipeya akhale wa saizi yomweyo, asakhale kaja kongoti bola ndikafike.

Pulesha ndi chinthu chaulere koma chimasintha galimoto kuposa zogula zambiri. Pa chitseko cha dalaivala pali kapepala, pa HiAce kamanena kupitirira 3 bar chifukwa ndi galimoto ya katundu. Mukalowa nayo choncho msewu wa fumbi wa mabampu ang'onoang'ono aja, imanjanja mano kuchita kugundana, ndipo m'mchenga imakumba nkukhala. Ine pa fumbi ndimatsitsa kufika cha m'ma 2.5, m'matope kapena m'mchenga wa ku Lower Shire mpaka 1.8, pansi pa 1.5 sindipita chifukwa tayala limatha kuvuka pa rimu, ndipo ngati ndalemedwa kwambiri sinditsitsa kufika pamenepo. Mukatsitsa muziyenda pang'onopang'ono, ndipo musanakwere tala mupopenso, apo ayi tayala litentha nkuwonongeka mkati. Ndiye kageji ka pulesha ndi kakompulesa ka 12V komangirira ku batire mugule musanagule china chilichonse chokongoletsa.

Kukweza galimoto ndi pomwe ambiri amataya ndalama. Kutsogolo kwa HiAce ndi Delica kuli ma torsion bar, zitsulo zazitali zogwira ntchito ya masipuling'i, ali ndi bawuti yake yomwe mukamanga kutsogolo kumakwera, ndi zaulere ndithu, koma musapyole mamilimita 25 kapena 30. Mukamanga kwambiri wilo limasowa mpata wotsikira pa dzenje, galimoto imauma, ma CV amakhala opendekeka nkumang'amba marabala mwezi ndi mwezi. Yezani ndi tepi mbali zonse ziwiri galimoto ili pamalo osalala, kuchokera pakati pa wilo kufika pa bodi, mulembe manambala musanayambe, ndipo mukamaliza mupite ku alignment tsiku lomwelo apo ayi matayala atsopano aja adyeka mbali imodzi.

Kumbuyo ndi komwe ndinapwetekeka ine. Makaniko wina anandiuza kuti bwana tiike mabuloko a chitsulo pakati pa ekiselo ndi masipuling'i ngati momwe amapangira pa mapikapu, ndinalipira, anasula, tinamanga, titatsitsa jeke galimoto inali itatsika m'malo mokwera. Pa HiAce masipuling'i amadutsa pansi pa ekiselo, ndiye buloko imatsitsa, ku Japan amaika dala pofuna kuigwetsa pansi. Zinandiwawa chifukwa inali ndalama ya matayala awiri a kaunjika. Njira yoyenera ndi kuonjezera lifu imodzi mbali iliyonse, kapena kupititsa masipuling'i otopa aja kwa odziwa kuwapinda, kapena ma shackle, tizitsulo tija tolumikiza mapeto a sipuling'i ku chasisi, otalikirapo pang'ono. Lifu yoonjezera ndi yabwino kwa ife onyamula katundu chifukwa kumbuyo sikukhala pansi. Mukakweza onani paipi ya buleki ya rabala ija, ikwezeni galimoto ekiselo ilendewere, ngati paipi yakokeka ngati chingwe cha gitala ikufunika yaitali. Mashoko ngati akuchucha oyilo sinthani, wamba abwino a gasi akwanira, a mayina odula aja adikire.

Pansi pa galimoto, apa ndi pomwe anyamata owotcherera a ku Ndirande amatipulumutsa. Sampu ndi difu ya kutsogolo zili pamalo oti mwala umodzi wobisala m'udzu ukhoza kukuthirani oyilo yense pansi. Gulani chitsulo cha mamilimita 3 kapena 4, muyambe mwadula katoni muyeze pansipo kenako mupite nayo kwa wowotcherera akatengere pomwepo. Muumirire zinthu izi, chimangidwe ndi mabawuti ku chasisi osati kuwotcherera chifukwa mudzafuna kuchimasula, chikhale ndi bowo pa dzenje lotulutsira oyilo, pakhale mpata wolowa chala pakati pa chitsulo ndi sampu, ndiponso chisatseke mphepo yopita ku rediyeta, ku Chikwawa mu October injini imafuna mphepo yonse yomwe ingapeze. Mitu ya mabawuti ibisike isamakodwe m'miyala. Sipeya wa HiAce amalendewera pansi kumbuyo, ndiye amene amayamba kugunda potuluka m'chigwembe, ndikamapita kumudzi ndimamuchotsa nkumumangirira mkati.

Kanthu kena kotchipa kwambiri komwe ambiri sadziwa, madifu ali ndi kabowo kopumira pamwamba. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira mpweya wa mkati umakhwinyata nkuyamwa madzi kudzera pamenepo. Tsiku lina nditawoloka kamtsinje kawiri konse ndinatsegula difu ya kumbuyo, oyilo anatuluka woyererako ngati thobwa, ndikanachedwa ma bearing akanapita. Mankhwala ake ndi kapaipi ka mafuta mamita awiri kapena atatu, mumange pa kabowo kaja ndi kilampu, mukakweze m'mwamba mkati mwa bodi, kumapeto muike kafyuluta ka petulo ka pulasitiki kaja, musiye kapaipi kolendewera pang'ono kuti ekiselo ikamatsika kasaduke. Snorkel, paipi ija yokokera mpweya wa injini m'mwamba, ine ndilibe. Onani pomwe injini yanu imakokera mpweya ndipo madzi asafike pafupi ndi pamenepo, injini ya dizilo ikameza madzi olo kapu imodzi con rod, chitsulo chogwira pisitoni, imapindika. Mtsinje ukadzaza tsikani muyeze ndi ndodo, ngati madzi akuthamanga moti simungayime bwino, dikirani, mitsinje yathu yambiri imaphwa pakangotha maola ochepa mvula ikasiya.

Dizilo nayenso, nthawi ya kusowa kwa mafuta tonse timayesedwa ndi wa m'zigubu. Injini za common rail ngati 1KD sizikhululuka madzi kapena litsiro, ma injector ake ndi odula koopsa. Nyamulani fyuluta ya dizilo ya sipeya, muphunzire kukhetsa madzi pansi pa fyuluta ndi kupopa kuti ilire. Fyuluta ya mpweya muziigugumula mukachoka ulendo wa fumbi.

Zonyamula sizifuna shopu yodula. Fosholo, khasu, chikwanje, bottle jack ndi thabwa lolimba loikapo jeke kuti isamire m'matope, matabwa ena awiri oika pansi pa matayala, mapulagi okonzera pankichala, ndi lamba wokokera wolembedwa kulemera komwe amapirira. Mukatitimira siyani kuponda mafuta nthawi yomweyo, mawilo akamazungulira pamalo amodzi mukungodzikumbira mpaka galimoto kukhala pamimba. Tsikani, tsitsani pulesha, kumbani kutsogolo kwa mawilo onse ndi pansi pa difu, kwezani ndi jeke muike miyala, nthambi kapena matabwa aja, kenako munyamuke mofatsa. Pokokedwa chonde musamangirire pa mpira wa tow bar, ukathyoka umauluka ngati chipolopolo ndipo anthu anafapo nazo zimenezi. Tizitsulo tina topyapyala pansi pa magalimoto a ku Japan ndi tomangira galimoto mu sitima basi, sitopirira kukoka kwa m'matope. Fufuzani malo olimba pa chasisi muli kunyumba osati muli kale m'dambo, ndipo ana a m'mudzi omwe amathamangira kudzaonerera muwauze atalikire lamba akamakokedwa.

Keriyala ya pamwamba samalani nayo, vani ndi yaitali kale, mukaika zigubu za madzi ndi matumba a fetereza pamwamba pamalo opendekeka imagubuduka mosavuta. Zolemera zikhale pansi pakati pa mawilo zitamangidwa, pamwamba matilesi ndi zopepuka. Bull bar yolemera imatopetsa ma torsion bar omwe mwangokweza kumene aja, ine ndinaisiya. Chilichonse mwasintha kumbukirani kuti galimoto idzapita kukayezedwa COF, ndiye mabuleki, malaiti ndi chiwongolero zikhale bwino, a inshulansi muwauzenso zomwe mwasintha.

Mukamaliza musayambire ulendo wa ku Neno kapena East Bank mvula ili mkati. Tengani mnzanu wa galimoto ina Loweruka m'mawa mupite msewu wa fumbi wapafupi, cha ku Michiru kapena kuseri kwa Lunzu, mukayese kutsitsa pulesha, kukweza ndi jeke pa dothi lofewa, kukhota mpaka kumapeto mumve ngati tayala likukhula penapake. Pobwera gonani pansi ndi sipanala mumangenso mabawuti onse a chitsulo cha pansi chija ndi ma U-bolt a masipuling'i, amakonda kumasuka ulendo woyamba.