Wakale Wanu Wakunenezani Kupolisi Kuti Munamubera? Chitani Izi

Chibwenzi kapena banja likatha, mkangano umasamukira pa katundu: foni imene anakugulirani, TV imene munasonkherana, bedi, firiji. Kenako mungolandira foni yochokera kupolisi, akuti mukaonekere chifukwa munaba.

Choyamba, musathawe, musazimitsenso foni. Pitani nokha asanakutsateni, koma sankhani m'mawa mkati mwa sabata. Malamulo amati munthu womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, koma maolawo akathera pa tsiku limene khoti silikugwira ntchito, mumadikira tsiku lotsatira lantchito. Ndiye wopita Lachisanu madzulo akhoza kugona m'chitokosi mpaka Lolemba. Tengani m'bale wamkulu amene ali ndi chiphaso cha unzika kuti akusainireni belo. Belo yakupolisi ndi yaulere. Wina akakuuzani kuti "muganizepo kangachepe", chimenecho ndi chiphuphu.

Chachiwiri, samalani pakamwa. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino likukupatsani ufulu wouzidwa chimene akukumangirani, wokhala chete, komanso woonana ndi loya. Sitetimenti musasainire musanaiwerenge, ndipo ngati yalembedwa m'Chingerezi pemphani akuwerengereni m'Chichewa. Ambiri amagwa ndi mawu amodzi okha. Munthu amati "ndinatengadi, koma ndi yanga", papepala n'kulowa "ndinatengadi" basi.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona mlandu wonse, sonkhanitsani umboni woti katunduyo ndi wanu. Pamalamulo a milandu, kuba ndi kutenga chinthu mwachinyengo popanda chifukwa chokhulupirira kuti muli nacho ufulu, ndipo chilango chake chimatha kufika zaka 5 kundende. Munthu amene watenga chinthu akukhulupirira moona mtima kuti n'chake sanabe, ngakhale mnzakeyo akwiye chotani. Funani malisiti. Ngati anatayika, tsegulani mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba a tsiku limene munagula, kapena sitetimenti yakubanki. Pa WhatsApp fufuzani uthenga uja wakuti "bae ndakugulira foni", muujambule ndi tsiku lake likuoneka, mutumizenso kwa m'bale wanu, chifukwa foniyo apolisi akhoza kuisunga ngati umboni. Mphatso ndi mphatso, siibwezedwa chifukwa chikondi chatha. Musaiwale mboni: alandilodi amene anakuonani mukulowa ndi bedi lanu, kapena mnyamata wagalimoto amene anakusamutsani.

Koma tinene zoona, ena amatengadi za eni ake n'kumati n'chikole cha ngongole. Ngati muli ndi satifiketi yake, laputopu yakuntchito kwake kapena khadi lake lakubanki, bwezani. Musakasiye pakhonde usiku. Mukapereke pamaso pa wapolisi, ankhoswe kapena amfumu, mulembe mndandanda wa zonse, iye asainire kuti walandira. Ngongoleyo mukaitsate kukhoti payokha.

Ngati munali pabanja, nenani zimenezo msanga. Kugawa katundu wam'banja ndi ntchito ya khoti, osati ya apolisi, ndipo lamulo la maukwati la 2015 limalola khoti kuzindikira ngati banja anthu amene akhala limodzi zaka zosachepera 5 ngakhale sanamange ukwati. Pemphani kuti nkhani yanu ipite ku Victim Support Unit, nthambi ya apolisi yothandiza pa nkhani za m'banja ndi nkhanza, kumene amakhazika mbali zonse pansi, nthawi zambiri pamodzi ndi ankhoswe.

Pa Facebook ndi pa status khalani chete, ngakhale iye akukulembani kuti ndinu mbava. Jambulani zimene walembazo, musunge. Mukamubwezera zotukwana, lamulo la 2016 la zapaintaneti likhoza kukupezetsani mlandu wachiwiri. Musamuimbirenso kumukakamiza kuti akatseke mlandu. Izi zimaoneka ngati kusokoneza mboni ndipo belo ikhoza kulandidwa. Zokambirana zidutse kwa ankhoswe kapena loya.

Nkhani ikafika kukhoti ndipo mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau, tsiku la mlandu lisanafike, mutanyamula mapepala anu onse. Musajombe kukhoti ngakhale kamodzi. Ngati mukuona kuti wapolisi akukuzunzani chifukwa amadziwana ndi wakale wanuyo, kadandauleni kwa mkulu wa polisiyo kapena ku Independent Complaints Commission, bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi. Kunamiza apolisi nawonso ndi mlandu, ndipo khoti likakupezani osalakwa mungathe kufunsa loya za kusumira chipukuta misozi.