Momwe mungayendere misewu ya m'mbali mwa nyanja ku Cape pa njinga yamoto

Pakati pa Cape Town ndi Hermanus ku South Africa pali misewu yomwe anaisema m'mapiri otsetserekera m'nyanja yamchere, ndipo kukongola kwake kumaoneka bwino munthu akakhala pa njinga yamoto. Mmalawi angathe kupanga ulendowu popanda chovuta, chifukwa kumeneko amayendetsa kumanzere ngati kwathu kuno, ndipo pasipoti ya Malawi imalola munthu kukhalako masiku 30 popanda viza.

Yambani ndi mapepala musanagule tikiti. Laisensi ya A1 imalola njinga zosapitirira 125cc, pamene njinga zazikulu zomwe makampani obwereketsa amakhala nazo zimafuna laisensi ya A. Funsanitu ndalama ya chikole imene adzaisunge pa khadi lanu la kubanki, komanso ndalama imene mudzalipire nokha njingayo ikawonongeka ngakhale ili pa inshuwalansi. Tsiku lotenga njinga, yang'anani matayala, mabuleki, tcheni ndi magetsi, ndipo jambulani pa foni paliponse pamene pakalika. Helemeti ndi lamulo, koma onjezani jekete yokhuthala, magolovesi ndi nsapato zophimba akakolo. Ngati munazolowera njinga za kabaza, musathamangire yaikulu kwambiri, chifukwa kulemera kwake kumadabwitsa pokhota ndi poima.

Chachiwiri ndi nyengo, ndipo pano ndi pamene alendo ambiri amalakwitsa. Ku Cape mvula imagwa m'nyengo yozizira, makamaka kuyambira June mpaka August, osati nthawi ya dzinja la kwathu. M'miyezi yotentha, kuyambira November mpaka February, kumaomba mphepo yamphamvu yochokera kummwera chakummawa, yomwe anthu a kumeneko amaitcha Cape Doctor. Amene anaona mwera utakwiya pa nyanja ya Malawi akudziwa mphamvu yake. Mphepoyi imakankha njinga chammbali mukangotuluka kuseri kwa thanthwe, ndipo nthawi zambiri imakula masana. Choncho nyamukani m'mamawa, gwirani chiwongolero mosaumitsa mikono, ndipo ikafika pokusunthani mumsewu, imani mudikire. Kwa ine miyezi ya March ndi April ndiyo yabwino koposa.

Tsiku loyamba lipatseni chigawo cha Cape Peninsula chokha, chomwe ndi mtunda wolowa m'nyanja kummwera kwa Cape Town. Tulukani mumzinda kudzera ku Camps Bay, mutsate msewu wa M6 mpaka ku Hout Bay, kumene kumayambira Chapman's Peak Drive. Msewu umenewu unatsegulidwa mu 1922, ndi wautali makilomita 9 okha koma uli ndi makona 114. Unatsekedwa mu 2000 chifukwa cha miyala yogumuka kuphiri, ndipo unatsegulidwanso mu 2003 ngati msewu wolipira, atautchinjiriza ndi maukonde achitsulo ogwira miyala. Mpaka lero amautseka nyengo ikaipa, kotero fufuzani kaye ngati uli wotsegula. Poyendetsa, maso akhale kumene msewu ukulowera, osati kunyanja, popeza njinga imatsata kumene maso ayang'ana. Malo oimikapo alipo ambiri, ndipo pamenepo ndi pamene muyenera kuonera mafunde akumenya miyala pansi pa phompho. Mukatsikira ku Noordhoek, pitirizani kudzera ku Scarborough mpaka ku Cape Point, kenako mubwerere chaku Simon's Town.

Tsiku lachiwiri lunjikani ku Gordon's Bay. Mukadzera msewu wa Baden Powell Drive kuchokera ku Muizenberg, samalani ndi mchenga umene mphepo imaunjika pa phula, ndipo musamange mabuleki mwadzidzidzi muli pamwamba pake. Kuchokera ku Gordon's Bay kupita ku Rooiels ndi Clarence Drive, gawo la msewu wa R44 lomwe linamangidwa mothandizidwa ndi akaidi a nkhondo a ku Italy pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Makona ake ndi otambasuka kuposa a Chapman's Peak, phiri lili kumanzere ndipo nyanja ya False Bay ili kumanja, ndipo ndikuona kuti uwu ndiwo msewu wokoma kwambiri pa ulendo wonse. Loweruka ndi Lamlungu pamadzaza okwera njinga othamanga, kotero pakati pa sabata mpabwino. Chaku Rooiels ndi Pringle Bay anyani amakhala pamsewu. Musawapatse chakudya, ndipo musasiye chikwama chotsegula panjinga.

Ku Betty's Bay imani pa Stony Point muone mbalame za penguin, kenako mudutse Kleinmond ndi kulowa R43 mpaka ku Hermanus, kumene anangumi amaoneka munthu ali kumtunda kuyambira June mpaka November. Gonani komweko, osayenda usiku. Ngati tsiku lachitatu lilipo, thirani petulo wodzaza thanki ndi kupitiriza mpaka ku Cape Agulhas, kumapeto kwenikweni kwa Africa kummwera, ndipo pobwerera mugwire N2 kudzera pa Sir Lowry's Pass kuti mukabweze njinga dzuwa lisanalowe.